Uta Wathu Woyamba

Uta ndi mtengo umodzi ndi nsinga imodzi. Ulibe msomali, ulibe citsulo. Munthu akauona uli copacika pa khoma angaganize kuti ngakhale mwana angathe kuupanga. Koma amene anausemapo adziwa kuti nchito yake ifuna miyezi, maso akuthwa ndi mtima wodekha.

Liu lakuti uta liri m'kamwa mwathu masiku onse. Mvula ikakata, dzuwa ndi kuwala, ana aloza kumwamba nati, "Onani utawaleza!" Umenewo ndi uta wa Leza. Akuluakulu ena atinso dzina lakuti Cauta licokera ku liu lomweli. Liu tiri nalo. Koma tidzifunse, anzathu: m'mudzi mwathu muli mauta angati? Nanga odziwa kusema uta alipo angati?

M'mudzi mwathu, kufupi ndi Furancungo m'dera la Macanga, tinawerenga. Mauta tinapeza awiri, ndipo umodzi unali wofumbwa. Wodziwa kusema tinapeza mmodzi yekha, nkhalamba ya imvi mutu wonse, imene maso ake ayamba kucita khungu. Ife tonse timawachula kuti Ambuye. Amabwera ku sukulu ya akulu masana, ndipo m'mene tinadziwana ndi momwemo.

Cifukwa cake tinafuna uta

Minda yathu iri m'munsi mwa phiri. Cimanga cikayamba kukhwima, anyani amatsika m'magulu. Saopa mfuu ya mwana. Saopanso mwala, pakuti adziwa pamene mwala ulekezera. Caka cina banja lina linakolola madengu owerengeka okha, cifukwa mwini munda anadwala ndipo panalibe wolondera.

Ambuye anatiuza kuti kale wolondera munda ankakhala pa nsanja ndi uta. Ankaponya mibvi ya mutu wamtengo, yosasongoka. Mubvi wotere supha nyani, koma umapweteka, ndipo ufika kutali kuposa mwala. Anyani akauona uta kawiri katatu, amayamba kulambalala mundawo.

Tinali anyamata atatu. Tinapita kwao ndi nkhuku ndi kafodya pang'ono, tinakhala pansi, tinaomba m'manja.

"Ambuye, tabwera kudzapempha nzeru. Mutiphunzitse kusema uta."

Anaseka. "Adzukulu anga, mufuna uta wa mawa kapena wa caka camawa?"

"Umene inu muona kuti ndi wabwino, Ambuye."

"Tsono nolani nkhwangwa. Manja anga atha, maso anga atha. Ine ndidzanena, inu mudzasema."

Kusankha mtengo

Tinalowa m'chire m'nyengo yacisanu, anthu atatha kukolola. Ambuye anati nthawi imeneyi mtengo uli ndi madzi ocepa, cotero sung'ambika kwambiri pouma. Mtengo umene anafuna ndi tenza. Ndi mtengo waung'ono, wolimba, umene umapindika osathyoka msanga. Anati kumene kulibe tenza anthu amasemanso uta wa nsungwi yokhwima.

Tinayenda m'mawa wonse. Ambuye anati pa unyamata wao tenza ankadula kuseri kwa mudzi. Lero kumeneko kuli minda ndi maenje a makala. Tinaoloka mitsinje iwiri tisanapeze pamene iri yambiri.

Mtengo uliwonse umene tinawaonetsa anaupapasa ndi zala kuyambira pansi kufikira pamwamba. Wina anaukana cifukwa ca mfundo. Wina anaukana cifukwa khungwa lake linazungulira ngati cingwe, kusonyeza kuti mkati mwake ndi mopotoka. Wina unali ndi cipsera ca moto wa lupsa. Anafuna woongoka, wonenepa ngati dzanja la munthu pamene abvala koloko, ndi wautali kufika pa cibwano ca mwini wake. Tinayesa ndi mita: unali mita imodzi ndi theka.

Tinadula mitengo isanu, ngakhale tinali atatu. Ambuye anati, "Mtengo uli ngati munthu, subvumbula zonse tsiku loyamba." Anatiuzanso kudula pamwamba pang'ono, kuti citsa ciphukenso, ndi kusiya ina yoongoka kuti obwera m'mbuyo adzapeze.

Kuumitsa

Titafika kumudzi tinamata phula la njuci ku nsonga zonse ziwiri za mtengo uliwonse. Cifukwa cake ndi ici: madzi amatuluka msanga ku nsonga kuposa pakati. Nsonga ikauma msanga, pakati pakali pauwisi, mtengo ung'ambika. Phula licedwetsa madziwo.

Tinamangirira mitengoyo ku nsici yoongoka ndi luzi, kuti isakhote pouma. Tinaiika m'denga la khichini, kutali ndi moto, pamene utsi upita. Utsi uingitsa tizilombo tofumbwa mitengo. Padzuwa anatiletsa kuiika.

Pamenepo nchito inali kudikira. Cisanu cinatha, cilimwe cinafika, masamba a msuku ndi a mombo anaphuka. Patapita miyezi inayi tinaitsitsa. Ambuye anagogoda uliwonse ndi cipande ca mpeni, khutu liri pafupi. Mtengo wouma ulira mokweza, wauwisi ulira mogonthera. Umodzi unali utang'ambika, wina unali ndi timauna ta tizilombo mkati. Inatsala itatu. Apo tinamvetsa cifukwa cake tinadula isanu.

Msana ndi mimba

Tisanagwire mpeni, Ambuye anatiphunzitsa mau awiri. Uta uli ndi msana, uli ndi mimba. Msana ndi mbali imene iyang'ana kumene mubvi upita. Mimba ndi mbali imene iyang'ana mwini uta.

Anatenga kamtengo kauwisi, anakapinda pang'onopang'ono mpaka kanathyoka. "Kayambira kuti kuthyoka?" Tinaona kuti kayambira kunja, ku msana. Pokoka uta, msana umatamuka ndipo mimba imafinyika. Mtengo uli ndi mitsempha yoyenda kucokera ku nsonga kufika ku nsonga. Mpeni ukadula mitsempha ya ku msana, pamenepo ndi pamene uta udzathyokera. Cotero ku msana tinangocotsa khungwa lokha, mopala pang'onopang'ono. Kusema kwenikweni kunali ku mimba ndi m'mbali.

Tinapeza pakati pa mtengo poyesa ndi cingwe: tinapinda cingweco pawiri, ndi kulemba ndi khala. Pamenepo ndi pogwira. Pogwira pakhala ponenepa. Kucokera pamenepo mtengo ucepa pang'onopang'ono mpaka ku nsonga, kumene utsala ngati cala cacing'ono. Uta wa kwathu ndi wobulungira, si wophwatalala ngati thabwa.

Poyamba tinasema ndi nsompho. Itatha nchito ya nsompho, tinagwira mpeni. Itatha ya mpeni, tinapala ndi phale la botolo. Cida ciriconse cicotsa zocepa kuposa cinzake. Ambuye anati, "Cimene wasema sicibwerera. Sema ngati mcere uli wogula."

Mtengo wa mmodzi wa ife unali wokhota pang'ono ca kumtunda. Tinaudzoza mafuta a nsatsi, tinauwamba pa makala, osati pa lawi, kuutembenuza mpaka unatentha kuti dzanja silingaugwire. Pamenepo tinaukanikiza pa bondo, pokutira ndi cisanza, ndi kuugwira comweco kufikira utazizira. Mtengo wotentha umafewa, ndipo ukazizira usunga m'mene waikidwira.

Nchito yobvuta koposa

Mtengo wosemedwa bwino suli uta ai. Uyenera kuphunzira kupindika. Iyi ndiyo nchito imene inatitengera masiku ambiri.

Tinaimika nsonga imodzi pansi, dzanja lina kumtunda, ndi kukankha pakati pang'ono cabe. Mmodzi akupinda, awiri aima patali kuyang'ana. Uta wabwino upindika ponseponse mofanana, ngati mwezi wongokhala kumene. Koma mtengo watsopano sutero. Pena upindika kwambiri, pena uli nji.

Lamulo lake ndi limodzi: pamene papindika, usakhudzepo, pamene pauma, pala. Pamalo pofooka tinalemba ndi khala kuti tisapalepo. Pamalo pouma tinapala kakhumi, ndi kupindanso, ndi kuyang'ananso. Mbali ya kumtunda ndi ya kumunsi ziyenera kufanana mphamvu. Ina ikakhala yofooka, katundu yense agwera pa iyo, ndipo tsiku lina ithyoka m'manja. Uta ukathyoka uli cikokere, zidutswa zake zilunjika kumaso.

Ambuye sankatha kuona bwino kupindika kwake. Ankayendetsa cikhato pa mimba ya uta, ife tikupinda. Zala zao zinkaima pamalo pena. "Apa mpouma." Tikayang'anitsitsa, tinkapeza kuti ndi zoona. Zimene ife tinafuna ndi maso asanu ndi limodzi, iwo anapeza ndi zala.

Tinamanga cingwe cacitali, colendewera, ndi kuyamba kukoka pang'ono. Tsiku loyamba tinakoka utali wa cikhato cimodzi. Titapala, tinakoka zikhato ziwiri. Pamalo paliponse tinakoka kambirimbiri tisanaonjeze, kuti mtengo uzolowere. Mtima unkafuna kukoka mpaka ku khutu kuti tione mphamvu yake. Ambuye anali tcheru ndi ndodo yao. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

Tinafuna kudziwa mphamvu ya mauta athu ndi nambala. Tinapacika uta pa nthambi, pogwira pali pamwamba, ndi kukoloweka ndowa pa cingwe. Tinathira madzi lita imodzi imodzi. Lita imodzi ya madzi ilemera kilo imodzi. Cingwe citatsika masentimita 60, tinawerenga malita. Uta wina unatenga 14, wina 16, wina 19. Ambuye anati mauta a alenje akale anali ouma kuposa amenewa, koma kwa woyamba ndi kwa anyani akwanira.

Potsiriza tinakwecha ndi mcenga wosalala m'kansalu, tinadzoza mafuta a nsatsi katatu, tsiku ndi tsiku. Mafuta achinga cinyezi. Mtengo unasanduka wofiirira ndi wonyezimira.

Nsinga

Nsinga yeniyeni, anatero Ambuye, inali ya cikopa ca nyama ya m'chire. Ife tinatenga cikopa ca mbuzi imene inaphedwa pa ukwati. Tinacotsa ubweya, tinacibviika, ndi kulenga lamba mmodzi wopyapyala, kuyambira m'mphepete kuzungulira mpaka pakati. Motero cikopa cacing'ono cipatsa lamba wautali. Tinaupota uli wonyowa, tinaumanga ku nthambi, ndi kulendeweza mwala kumunsi kuti utamuke pouma.

Cikopa cinakwanira uta umodzi wokha. Pa mauta enawo tinapota khonje. Nchito imeneyi anatiphunzitsa amai a mmodzi wa ife, amene amapota zingwe za mbuzi. Tinapala masamba a khonje, tinatsuka ulusi wake, tinauyanika, ndi kupota pa nchafu timagulu tiwiri tiwiri. Anatiuza kulumikiza ulusi watsopano pamalo osiyanasiyana, kuti pasakhale pamodzi pofooka. Titatha tinapaka phula.

Nsinga iriyonse iri ndi bvuto lake. Ya cikopa ikanyowa imatamuka. Ya khonje imaperepeseka, ndipo ifuna kuiyang'ana kawirikawiri.

Ku nsonga za uta sitinadule mipata yakuya. Tinakulunga kacikopa konyowa pafupi ndi nsonga. Kakauma kamagwira zolimba, ndipo nsinga itsamira pamenepo. Ku nsonga imodzi tinamanga mfundo yosamasuka. Ku inzake tinakulunga nsinga yotsala, kuti tizikunga ndi kumasula. Uta wokungidwa bwino usiya mpata wa nkhonya imodzi pakati pa pogwira ndi nsinga.

Mibvi

Uta wopanda mubvi ndi ndodo cabe. Tinadula bango kudambo, louma ndi loongoka, lalitali kuposa mkono. Lokhota tinaliongola pa makala. Kumbuyo tinadula kampata ka nsinga, pamwamba penipeni pa mfundo ya bango, ndi kukulunga ulusi kuti lisang'ambike. Tinang'amba nthenga za nkhanga, ndi kuzimanga ndi ulusi ndi phula. Nthenga zigwira mphepo kumbuyo, cotero mutu utsogola ndipo mubvi suyenda cammbali. Kutsogolo tinalowetsa mutu wa mtengo wolemera, wobulungira ngati dzira la nkhunda.

Mmodzi wa ife anafunsa za ulembe. "Ambuye, nanga mankhwala aja ankapaka ku mibvi?"

Anakhala cete kanthawi. "Kombe. Ndiudziwa. Koma umenewo ndipita nao kumanda. M'nyumba zanu muli ana okwawa."

Kombe ndi mtengo woyanga umene umera kumalo otentha a ku Zambezi ndi ku Shire. Alenje ankasinja mbeu zake ndi kupaka ku mibvi. Ululu wake uimitsa mtima wa nyama. Mlenje ankadula ndi kutaya nyama yozungulira bala, yotsalayo ndi kudya. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi wa 1858 mpaka 1864, anaona alenje akucita zimenezi, natumiza kombe ku Ulaya. Mu 1885 dokotala Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaonetsa kuti mankhwala ocokera m'mbeu zimenezi, akakhala ocepa kwambiri, athandiza odwala mtima. Nzeru ya alenje a kuno inalowa m'zipatala zakutali. Koma Ambuye ananena zoona. Ululu si cinthu cosunga pakhomo, ndipo lamulo la dziko lathu liletsa kusaka ndi ululu, monganso liletsa kusaka nyama popanda cilolezo.

Tsiku loponya

Tinaimika thunthu la nthoci pa culu, kuseri kwa mudzi, kumene sikupita njira. Tinawerenga mapazi 15. Ambuye anatipatsa malamulo anai, ndipo ife tiwapereka kwa inu monga tinawalandira.

Loyamba: osaloza munthu ndi uta, ngakhale mwa masewera.

Laciwiri: osaponya mubvi kumwamba. Makolo anati mubvi woyang'anira sucedwa kulowa m'maso.

Lacitatu: osakoka nsinga ndi kuitaya popanda mubvi. Mphamvu imene ikanapita ndi mubvi ibwerera mu mtengo ndi kuung'amba.

Lacinai: ukatha nchito, masula nsinga. Uta wogona cikungire ukhota, ndipo mphamvu yake itha.

Mibvi yoyamba inapita kumene inafuna. Nsinga inatikwapula pa mkono mpaka tinamanga kacikopa. Ana anaseka, amai opita kumadzi anaima naseka. Dzuwa litapendeka, mubvi wa mnzathu unagunda nthoci, phi! Ambuye anamva ndi khutu. Anati, "Bwera nao kuno." Anaugwira utawo, anaukoka pang'ono, anaudina nsinga ndi cala kuti ilire. Anati, "Uwu ndi uta." Sananene zambiri, ndipo ife sitinafune zambiri.

Dzinja limenelo tinalondera minda mosinthana. Anyani anabwera monga mwa masiku onse. Mkulu wao atalawa mubvi wa mutu wamtengo m'nthiti, gulu lonse linakwera phiri. Anabweranso, pakuti nyani saiwala munda, koma tsopano akaona munthu pa nsanja ndi uta amaima patali. Cimanga cambiri cinafika m'nkhokwe.

Sitiri oyamba

Nchito imene tinagwira ndi yakale kuposa mafumu onse amene tiwadziwa maina. Ku phanga la Sibudu, kufupi ndi Durban ku South Africa, ofukula zakale anapeza timiyala tosongoka timene akhulupirira kuti tinali mitu ya mibvi zaka zoposa 60,000 zapitazo. Kuno kwathu, pa phiri la Chinhamapere kufupi ndi tauni ya Manica, pali zithunzi zofiira pa mwala zimene anajambula alenje akale, ndipo ena mwa anthu ojambulidwawo agwira mauta.

Mu 1991 anthu anapeza mtembo wa munthu m'madzi oundana, m'mapiri a pakati pa Italy ndi Austria. Munthuyo anafa zaka 5,300 zapitazo. Pambali pake panali uta wa masentimita 182, wosatha kusema. M'phodo mwake munali mibvi 14, koma yotha inali iwiri yokha. Tinawafotokozera Ambuye nkhani imeneyi. Anapukusa mutu nati, "Ameneyo anali pa nchito yonga yanu. Nayenso anali kudikira mtengo."

Makolo athu anadya ndi uta, anadziteteza ndi uta. Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi mu 1835, ndi zishango ndi nthungo zao zazifupi, midzi yambiri ya Acewa inamanga malinga kapena kuthawira kumapiri, ndipo cida cao cacikulu cinali mubvi. Pambuyo pake mfuti za gogodera zinacuruka, ndipo uta unayamba kutsalira. Lero nyama zacepa. Zotsalazo zisungidwa m'malo onga Paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013 m'cigawo cathu ca Tete. Ife sitinaseme uta kuti titsirize nyama zotsala. Tinausema kuti cimanga cifike kunyumba, ndi kuti nzeruyi isalowe m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Caka cino odziwa kusema uta m'mudzi mwathu ndife anai. Anyamata ena asanu, ndi mtsikana mmodzi amene amalondera munda wa amai ake, apempha kuti cisanu cikubweraci tipite nao kukadula tenza. Tagwirizana ndi anyakwawa kuti pamene pamera mitengoyi pasaochedwe makala.

Anzathu, m'mudzi mwanu mulinso nkhalamba yodziwa kanthu: wina kusula makasu, wina kuumba mbiya, wina kuluka mono, wina kusema mtondo. Musadikire maliro kuti mudzanene kuti anali waluso. Tengani nkhuku, pitani lero, khalani pansi, funsani.

Tikambirane

1. Cifukwa ninji anamata phula ku nsonga za mitengo?
2. Msana wa uta ndi uti? Cifukwa ninji sausema?
3. Ndowa iri ndi malita 16 a madzi. Madziwo alemera makilo angati?
4. Chulani malamulo anai a wogwira uta.
5. Ndi luso liti limene latsala ndi munthu mmodzi yekha m'mudzi mwanu? Lembani dzina la lusolo.